Bambo a Dokotala

"Nkhalani pansi, ba Henderson. Mwaimilila monga sukulu ni yanu," anatero a Mubanga uku akusendera kumapeto kwa benchi.

A Henderson Kadzuwa sanakhale. Suti imene anavala tsikulo inali ya pa ukwati wawo, ndipo suti ya pa ukwati sikhala pa benchi ya ana a sukulu. Anangoimabe m'khondemo, manja kumbuyo, akuwerenga zomata pakhoma ngati woyendera masukulu wochokera ku unduna. Linali tsiku loti makolo akumane ndi aphunzitsi pa sukulu ina ya ku Croydon, ku London, ana atamaliza chaka choyamba cha A-level, maphunziro a zaka ziwiri olowera ku yunivesite. Mwana wawo Dyna anakhala payekha chapatali, chikwama cha mabuku chili pakati pa miyendo, akudzisenda khungu la m'mbali mwa chikhadabo.

A Mubanga anali a ku Zambia, oyendetsa basi, ndipo ankapemphera tchalitchi chimodzi ndi a Henderson. Mwana wawo Tanya ankaphunziranso pomwepo. Amuna awiriwa akakumana, moni wawo unali kunyogodolana.

"Paja mwana wanu amaphunzira chiyani?" anafunsa a Henderson. "Kuonera mafilimu?"

"Ni midiya, mudala. Na bizinesi, na sosholoje."

"Maphunziro atatu basi? Ndiye masana amatani, amagona?"

"Mafuwa ni atatu chabe, ba Henderson, koma poto siigwa."

"Poto wa nyemba, inde. Wanga akuphika mutu wa ng'ombe. Bayoloje, kemisitiri, masamu, fizikisi. Folo! Ndipo onsewo ndi a mafupa."

"Ehe, mwakamba, bambo a Dokotala. Ise tikadwala BP muzatipimako mahala."

Dzina limenelo silinali lachipongwe ayi. Kutchalitchi konse ankawaitana choncho, ndipo eni ake akalimva ankatembenuka msanga kuposa akamva dzina la ubatizo. Linayamba chaka chathacho, Dyna atakhoza mayeso a GCSE moti abusa anamuimiritsa kutsogolo, amayi n'kululutira mpaka azungu a tchalitchi china chogwiritsa ntchito holo yomweyo anasuzumira pakhomo. Mwanayo anali atanena kuyambira ali wamng'ono kuti adzakhala dokotala. Palibe anamukakamiza zimenezo. Zidole zake zonse zinakulira m'mabandeji a amayi ake, amene anali namwino.

Vuto linabwera pa tsiku losankha maphunziro a A-level. Dyna anasankha atatu monga amachitira ana ambiri kuno: bayoloje, kemisitiri ndi jogalafe. A Henderson atamva anaseka mpaka kutsokomola. Iwo asanabwere ku London kudzasambitsa nkhalamba za eni, anali mphunzitsi wa zaulimi pa sekondale ina ku Ntcheu, choncho za mayeso ankazidziwa ngati njira ya kudimba. Kwathu pa MSCE mwana amalemba maphunziro ochuluka, ndipo powerenga mapointi amangotola asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino. Otsalawo ndi matayala a sipeya. Wochenjera amalemba ambiri kuti limodzi likaphulika, galimoto iyendebe.

Ndi nzeru imeneyo anapita kusukulu n'kuitanitsa maphunziro sikisi. Aphunzitsi anati atatu. Iwo anatsika kufika pa faifi. Aphunzitsi anati atatu. Ananenerera ngati akugula mbuzi pa Lizulu, mpaka aphunzitsiwo, poona mmene mwanayo anakhozera, analola anayi. Jogalafe anamutaya pomwepo.

"Jogalafe wa chiyani?" anatero. "Mapu ali pafoni."

M'malo mwake anaikamo masamu ndi fizikisi, n'kutuluka akudandaula kuti azungu amachitira nsanje ana a anthu akuda.

Chitseko cha ofesi chinatseguka. A Mubanga ndi Tanya analowa, ndipo sanakhalitsemo. Potuluka, a Mubanga anali akuvina ndi mapewa okha, monga amachitira munthu wofuna kuvina pamalo osayenera.

"A, A, B, mudala! Mafilimu yalipila!"

"Zabwino zonse," anatero a Henderson, akukonza tayi. "Tiye Dokotala, tikawaonetse anthu mmene amakhozera."

Dyna anaimirira pang'onopang'ono, n'kukoka chikwama chake.

M'katimo munali mphunzitsi woyang'anira ana onse a A-level, mayi wa magalasi ndi tsitsi la imvi, yemwe uja a Henderson ananenerera naye chaka chatha. Anawalandira ndi kumwetulira kumene madokotala amamwetulira asananene za matenda. Anayamba ndi kuyamikira. Anati Dyna ndi waulemu, sajomba, ndipo amatsala mulaibulale mpaka osesa amuthamangitse. A Henderson ankangogwedeza mutu ngati akumva nyimbo imene anapeka okha. Kenako mayiyo anatchula zotsatira za mayeso a kumapeto kwa chaka. Bayoloje B. Kemisitiri C. Masamu C. Fizikisi D.

A Henderson anachotsa magalasi, n'kuwapukuta ndi tayi, n'kuwavalanso.

"Palibe vuto," anatero m'Chingerezi chawo cha ku Ntcheu chimene chimatchula chilembo chilichonse. "Awa ndi mayeso oyeserera. Enieniwo ndi chaka chamawa. Akadzalemba, mudzatola atatu abwino, kenako adzafunsira malo ku yunivesite."

"Kuno siziyenda choncho, bambo Kadzuwa," anayankha mphunzitsiyo. "Ofuna udokotala amafunsira malo mu Okutobala muno, mayeso enieni asanalembedwe. Mayunivesite amayang'ana magiredi amene ife aphunzitsi timalosera kuti mwana adzapeza. Timalosera potengera mayeso amenewa. Ndipo a udokotala amafuna ma A atatu."

"Kulosera? Ndiye kuno aphunzitsi ndinu aneneri?"

Mayiyo sanaseke.

"Chabwino, ngati ndi ulosi, loserani bwino. Pa C paja kwezani pang'ono. Mwana uyu ndikumudziwa ine."

"Ndingakweze sitepe imodzi ngati pali umboni. Kuchoka pa C kufika pa A sindingathe. Ndinganamize yunivesite, ndinganamizenso Dyna."

"Koma taonani zimene wasenza mwanayu! Kodi D wa fizikisi sakulemera kuposa A wa mafilimu?"

"Mumtima mwanga, mwina amalemera. Koma ku udokotala safunsa kuti wasenza zingati. Amafuna kemisitiri, kawirikawiri bayoloje, ndi phunziro lachitatu. Ambiri jogalafe akanamulandira. Nthawi imene Dyna amalimbana ndi fizikisi ndi imene kemisitiri wake amaifuna. Tinanena chaka chatha. Tinanenanso nthawi ya Khirisimasi, kuti asiye limodzi."

A Henderson anayang'ana pawindo. Za pa Khirisimasi anazikumbukira bwino. Dyna anawapeza akusita yunifolomu, n'kunena kuti aphunzitsi akuti asiye fizikisi. Iwo osatukula n'komwe maso pa ayironi anayankha kuti kwa a Kadzuwa kulibe msilikali wothawa nkhondo.

"Nanga m'kalasi wakhala nambala chani?" anafunsa, mawu atayamba kuchepa.

"Kuno sitiika ana pa manambala."

"Wachiwiri kuchokera kumapeto," anatero Dyna m'Chingerezi, osadzutsa mutu. "Mu fizikisi. Ife timadziwana."

Aka kanali koyamba kuyankhula chilowereni.

Mphunzitsiyo anafotokoza njira zotsala. Dyna akanatha kupitiriza n'kufunsira maphunziro ena osati udokotala. Apo ayi, akanatha kuyambiranso chaka choyamba ndi maphunziro atatu, koma pa koleji ina, chifukwa sukulu yawoyo sinkabwereza ana. Anachenjezanso kuti mayunivesite ena a udokotala amalandira wobwereza, ena salandira.

Potuluka anapeza a Mubanga akuwadikira pa geti, nthabwala ili kale pamlomo. Atangoona nkhope ya Dyna, anaimeza.

"Tizaonana pa Sande, mudala," anatero, n'kukoka Tanya.

Mu tiramu, kasitima ka mumsewu kamene anakwera pobwerera, munali anthu ochepa. A Henderson anakhala pafupi ndi mwana wawo, ndipo popeza chete ankawaopsa kuposa chilichonse, anayamba kuyankhula.

"Tipeza mphunzitsi wapadera. Pali mnyamata wa ku Ghana ku Thornton Heath, amati fizikisi amaimwa ngati madzi. Ine nditenga mashifiti owonjezera. Tchuthi chino palibe kugona. Mu Seputembala ndipitanso kwa mayi uja, aloserenso. Mneneri amatha kuona kawiri. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, mwanawe."

Dyna anali kuyang'ana panja. Iye Chichewa ankamva chonse, ngakhale miseche ya amayi kutchalitchi, koma kuyankha ankayankha m'Chingerezi kuyambira ali ku nazale. Tsiku limeneli anatembenuka n'kuyankhula Chichewa, chopindika, chotola liwu limodzilimodzi ngati munthu wowoloka mtsinje pa miyala.

"Adadi. Ine ndatopa."

A Henderson anamutembenukira.

"Ndinakuuzani. Fizikisi ikundipha, ndinakuuzani. Inu munati anthu kutchalitchi aziti chiyani. Ndinasiya kwaya. Inu munati ndachita bwino. Ndimagona mu tiramu muno, ndimadzuka kumapeto, dalaivala akundigwedeza. Tsiku la mayeso ndimasanza. Tsitsi langa likuchoka, taonani."

Anakweza kansalu kamene ankamanga kumutu. Pamwamba pa khutu panali kadazi kosalala, kokula ngati chivundikiro cha botolo. A Henderson anali atakaona kansaluko miyezi yonseyi, n'kumaganiza kuti ndi fashoni ya atsikana a ku London.

"Inu mumaganiza udokotala ndi wanu," anatero Dyna. "Unali wanga, adadi. Inenso ndimaufuna."

Mayi wina wa ku Jamaica amene anakhala moyang'anana nawo sanamve liwu ndi limodzi lomwe, koma anatulutsa tishu m'chikwama n'kumupatsa mwanayo.

Pofika potsikira, a Henderson anati achite chaulemu, amunyamulire mwana chikwama. Anachigwira ndi dzanja limodzi, chikwama osasuntha. Munthu amene ntchito yake inali kudzutsa azungu olemera pa bedi anachita kugwira ndi manja awiri, n'kutsika tiramu atapendekeka. Kuchokera pamenepo kukafika kunyumba lamba wa chikwamacho anali atawadula phewa la suti. Ankangowerenga mumtima miyezi imene mwanayo anayenda nacho.

Kunyumba anapeza amayi a Dyna atavala kale yunifolomu, akumanga nsapato kuti azipita ku ntchito. Dyna anadutsa osapereka moni, n'kukadzitsekera kuchipinda. Amayiwo anayang'ana chitsekocho, kenako amuna awo.

"Bambo a Dyna, mwabwera ndi maliro a ndani?"

A Henderson anafotokoza. Anayamba ndi kuipa kwa dongosolo la azungu, anadutsa pa aneneri a magalasi, koma nkhani ikamapita inkawathera m'kamwa, mpaka anafika pa kadazi kaja n'kuima.

Amayi a Dyna anakhala pa mkono wa sofa.

"Kadaziko ndinakaona kalekale," anatero. "Ndimamudzola mankhwala ndine. Anandipempha kuti ndisakuuzeni, akuti mukhumudwa. Ndinabwera kwa inu ndi nkhani ya fizikisi, munandiyankha chiyani? Munati, 'Inu dziwani za majakisoni, za sukulu musiyire aphunzitsi.' Ndinakusiyirani. Kulakwa kwanga n'kumeneko, ndipo ndidzafa nako."

"Ine ndimafuna mwana akhale ndi sipeya. Kwathu..."

"Sipeya amaika m'buti, bambo a Dyna. Samusenzetsa mwana pamutu kuti azithamanga naye. Ine kuwodi dokotala akalemba mapilitsi atatu, ine n'kupereka anayi poti ndimamukonda wodwalayo, mawa lake ndili kundende."

"Ndiye mukuti ndamupha mwana wanga?"

"Sindinatero. Ndikuti ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Koma pano pusi ali pa mpando wavala suti. Wagwa chagada ndi mwana."

Anatenga chikwama chawo, n'kukagogoda kuchipinda kwa Dyna. Anakhalamo kanthawi, ndipo tsiku limenelo namwino amene sankachedwa ku ntchito anachedwa.

Sabata yonse Dyna sanatchule za sukulu. A Henderson ankayenda m'nyumba mwawo momwe ngati mlendo. Anagula mango a ku Pakistan amene mwanayo ankawakonda, n'kuwasiya pa tebulo. Anapsa mpaka kuda mawanga, osakhudzidwa.

Loweruka m'mawa Dyna anawapeza onse awiri kukhitchini. Anayankhula m'Chingerezi, modekha, ngati munthu amene wayeserera mawu ake pagalasi. Anati wasankha kubwereza. Atenga bayoloje, kemisitiri ndi jogalafe. Wapeza koleji kufupi ndi ku Thamesmead, ndipo akakhala kwa anti Sekani, mng'ono wa amayi ake, amene anali atavomera kale.

"Ku Thamesmead?" anatero a Henderson. "Kumene kuja basi imachita kukafika itatopa? Makoleji atha ku Croydon kuno?"

"Kuno ndizikumana ndi anzanga mu tiramu, iwo akukonzekera yunivesite, ine ndikuyambiranso. Tanya azindimvera chisoni. Kutchalitchi azindiitana Dokotala." Anayang'ana bambo ake. "Ndipo kuno, adadi, muzindifunsa kuti ndakhala nambala chani."

"Sindidzafunsanso."

"Mudzafunsa ndi maso."

A Henderson anayang'ana akazi awo kuti awathandize. Amayi a Dyna anali kutsuka kapu imene inali yoyera kale.

"Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi," anatero amayiwo, osatembenuka.

"Nanga akakakukana a udokotalawo poti wabwereza?"

"Adzandikana ndi zanga zimene ndasankha ndekha," anatero Dyna.

Anasamuka kumapeto kwa Ogasiti. A Henderson anaumirira kunyamula sutikesi, pa tiramu, pa sitima, mpaka pa basi ya ku Thamesmead, ndipo njira yonse sanatchule mwambi ngakhale umodzi. Anti Sekani anawalandira ndi tiyi ndi nkhani zambirimbiri za ku ntchito kwawo zotsekera chete. Potsanzikana pa khomo la fulati ya antiwo, a Henderson anatsegula pakamwa kuti apereke malangizo, monga amachitira bambo aliyense posiya mwana kusukulu. Anapeza kuti malangizo onse amene anali nawo ndi omwe aja. Anangomugwira mwanayo paphewa.

"Uzivala juzi. Kuno kuli mphepo ya kumtsinje."

Atabwerera kunyumba anasuzumira kuchipinda kwa Dyna. Bedi linali loyalidwa bwino. Pa tebulo panatsala mabuku awiri okha, la masamu ndi la fizikisi, akuluakulu ngati njerwa, atasanjikizidwa pakati penipeni. Anatseka chitseko mwakachetechete ngati muli wodwala.

Lamlungu, mapemphero atatha, anthu anasonkhana kuseri kwa holo kumwa tiyi ndi mandasi. Amayi a Dyna anali ku ntchito. A Henderson anaima pakona ndi kapu yawo, akuyembekeza kuti aliyense aziona zake. Koma mayi wina wa chigwirizano, wa mawu osafuna maikolofoni, anawaona ali kutsidya la holo.

"Bambo a Dokotala! Mwabisala bwanji? Nanga Dokotala wathu ali kuti lero? Ine bondo ili likundivuta, ndikudikira iyeyo!"

Anthu anaseka, n'kutembenukira kwa a Henderson kuti amve yankho, poti munthuyo sankasowa chonena. A Mubanga, amene anali pafupi ndi ndasi m'manja, anayang'ana pansi.

A Henderson anaika kapu pa tebulo.

"Ali ku Thamesmead kwa anti ake. Akubwereza chaka. Ndinamusenzetsa katundu wosayenera, ine ndemwe." Anayang'ana mayiyo. "Ndipo dzina lake ndi Dyna, mayi. Ine ndine bambo a Dyna."

Mayi uja anabwerera ku tiyi wake. Wina anayamba kufunsa mokweza ngati shuga watha, ndipo phokoso linabwerera pang'onopang'ono. A Mubanga anasendera, n'kunyema ndasi lawo pakati, theka n'kuwapatsa anzawo.

"Dyani, ba Henderson," anatero. "Suti yayamba kukukulilani."

A Henderson anakhala pa mpando wa pulasitiki n'kutulutsa foni. Analemba kuti, "Sukulu wayamba bwanji?" Anafufuta. Analemba kuti, "Limbikira." Anafufutanso. Pamapeto pake analemba liwu limodzi lokha, "Wadya?" n'kutumiza.

Timizere tiwiri ta pansi pa uthengawo tinasanduka tabuluu nthawi yomweyo, kusonyeza kuti Dyna wauwerenga. Yankho silinabwere. Anthu anayamba kupinda mipando, achinyamata akusesa mowazungulira. A Henderson anaika foniyo chagada pa bondo, kuti ikawala aione msanga, ndipo tiyi anazizirira pa tebulo.